Pa Mizang'ombe

"Musadutse pamenepo, aphunzitsi," anatero apongozi anga, a Falida, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. "Pamenepo timati pa Mizang'ombe."

Ndinaseka chamumtima. Munali mu 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi. Tinkachokera kuchilumbako, kumene alongo awo anatipatsa thumba la mbewu ya mpunga. Mkazi wanga Edina anali ndi pakati, ndiye wowaperekeza ndinali ine, thumba lili pa njinga.

"Amayi, mtsinje wa Likangala umathera uko kumabango," ndinayankha ndikuloza. "Zimenezi ndimaphunzitsa kusukulu. Dzina lanulo pa mapu palibe."

"Madzi ochokera kuphiri la Zomba sadziwa mapu. Akuyendabe pansi pa nthakayi."

Njira yawo inali yozungulira, ndipo dzuwa linkaswa mtengo. Ndinakankha njinga molunjika.

Sindinapite patali. Nthaka yong'aluka ija inabooka, ndinatitimira mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno. Njinga inagwa, thumba linaphulika, mbewu n'kumwazikira m'thope lakuda lonunkha. Ndikati ndizule mwendo, ndinkangomirabe.

"Amayi!" ndinakuwa ngati mwana.

Panalibe munthu wina, ngakhale kamtengo. Mayi amene kwa zaka zitatu tinkapatukirana njira, amene sindinadyepo pamaso pawo, anayang'ana uku ndi uku. Kenako anamasula chitenje chawo, n'kutsala ndi kasiketi kam'kati kong'ambika. Anagona chafufumimba n'kundiponyera nsonga yake.

"Tsinzinani, gwirani. Gonani ngati mukusambira."

Anakoka akubuula mpaka ndinatuluka, nsapato zitatsala momwemo. Njinga tinaikoka limodzi. Mbewu imene anakwanitsa kuwola inangokwana mumpango wawo wakumutu. Ulendo wonse wotsala iwo anali patsogolo, ine ndikuponda momwe apondamo.

"Mbewu ili kuti?" anafunsa Edina titafika, maso ali pa mapazi anga.

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha: "Thumba linali lakale, mwanawe. Lang'ambika panjira."

Chaka chimenecho theka la munda wathu linagonera, ndipo Edina ankatukwana thumba lija.

M'mawa mwake, popita kusukulu ndi mapu anga m'khwapa, ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe. Anali atakhala pansi, lichero pamiyendo, akutongola mbewu imodziimodzi m'thope louma. Atamva mapazi anga anatembenukira kukhoma kuti ndidutse.