Mawu a Elube mu Foni ya Pilira

Elube anali ndi chinsinsi chimodzi chokha, ndipo anachisunga zaka zitatu osauzako ngakhale abusa.

Mwamuna wake Simoni atamwalira, abale akuchimuna kwa Mbenje ananena zimene amanena nthawi zonse: wamasiye apite kufa. Ndiko kuti agone ndi mwamuna wina masiku atatu kuti imfa ichoke pakhomo, apo ayi imayendayenda m'banjamo n'kumatola anthu mmodzimmodzi. Kutchalitchi amaletsa, boma limaletsa, ndipo pagulu aliyense amagwedeza mutu kuti n'zachikale. Koma maliro akagwa pakhomo pako, omwe amagwedeza mitu aja ndi amene amayamba kukunong'oneza. Elube kwawo n'kwa Chapananga, kuno anabwera ndi ng'ombe za lobola. Akadakana, akadabwerera kwawo yekha, ana ake awiri n'kutsala kwa abale a bambo awo.

Amene anasankhidwa anali Geresomo, msuweni wa malemuyo. Atalowa m'nyumba, anayala mphasa yake pafupi ndi chitseko.

"Mlamu, ine zimenezi nkhabe, sindichita. Ndigona pano, imwe gonani uko. Tikatuluka tikangoti zatheka."

Anatulukadi n'kuti zatheka. Abale anayambanso kudya za m'manja mwa Elube, ana anakhala ndi mayi awo, nkhani n'kugona.

Ndiye kunabwera Pilira. Ameneyu anali mwana wa mkulu wake wa Elube, ndipo Elube ndi amene anamulera kuyambira ali Sitandade 3, mayi ake atamwalira. Makakana amene Elube amagulitsa pamsika wa Bangula, tinsomba touma tija, ndi amene anamufikitsa mtsikanayu ku koleji ku Blantyre. Patchuthi anafika ndi kope ndi foni yaikulu ngati chikhatho cha mlimi, akuti akuphunzira mmene anthu amalankhulirana, pamaso ndi pafoni.

"Kulankhula kumene mpaka koleji?" Elube anaseka. "Bwera pamsika, tikuphunzitsa ulere."

Koma mumtima ankanyada. Choncho Pilira atapempha kuti awajambule mawu, anavomera. Anakhala pakhonde, foni pakati pawo, ndipo chapompo panali Estere, mlongo wake wa Simoni, akutongola chimanga.

"Amayi aang'ono, inu ndi alamu anuwa mumauzana zonse?"

"Zonse, mwanawe. Tibisirananji, pakhomo ndi pamodzi?"

Estere anavomereza ndi mutu. Pilira analemba m'kope. Tsiku lonyamuka, pa siteji ya minibasi, anawagwira dzanja mayi ake aang'ono.

"Mukakumbukira china chimene simukanatha kunena pakhonde paja, mungodina apa pa Watsapu n'kulankhula. Dzina ndisintha. Palibe adzadziwe kuti ndinu."

Panapita sabata ziwiri. Masana ena dzuwa likuswa mtengo, ogula atathawira m'mithunzi, Elube anakhala kuseri kwa benchi lake n'kudina paja. Anangofuna kupereka moni. Koma foni ilibe maso, siikuyang'ana ukamalankhula, ndipo mawu anayamba kutuluka okha. Ananena za mphasa ya Geresomo. Ananenanso za khanda la Estere limene linamwalira ndi chifuwa patatha chaka Simoni ataikidwa. Kuchipatala anati chinali chibayo, iye amakhulupirira kuti chinali chibayo, komabe pamaliropo analira kawiri: kulirira mwanayo, ndi kudzifunsa ngati si iye anachititsa. Analankhula mphindi zisanu ndi ziwiri. Atachotsa chala anamva thupi kupepuka, mpaka anamuwonjezera wogula wina nsomba ziwiri popanda chifukwa.

Pilira si mwana woipa, tinene zoona. Kungoti sukulu inamuphunzitsa kuona chitsanzo pamene ena akuona munthu. Atamva mawuwo analira, kenako anaona kuti wapeza chimene ankafuna: mayi mmodzi, funso limodzi, mayankho awiri. Anakaika m'kalasi zojambula zonse ziwiri, za pakhonde ndi za pamsika, anthu n'kuwomba m'manja. Anzake atapempha kuti amvetserenso, anaziponya pa gulu lawo la Watsapu, pamwamba atalemba kuti Mayi Annette. Dzina anasinthadi. Koma mawu a munthu alibe dzina lina, ndipo chakumapeto kwa zojambulazo kumamveka kondakitala akuitanira za ku Nchalo, ndi mayi wina akufunsa kuti, "A Elube, makakana lero bwanji?"

M'kalasimo munali mnyamata wa ku Nsanje. Nkhaniyo inamukhudza, anatumizira mchemwali wake, mchemwali wake anatumizira amayi akutchalitchi kwawo kuti apempherere wamasiyeyo. Aliyense ankatumiza ndi mtima wabwino.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu m'mawa Elube akuyala nsomba zake, anamva mawu odziwika akuchokera pamene pamaima akabaza. Anyamata anayi anaunjikana pa foni imodzi. Anatchera khutu, ndipo anadzimva yekha akunena kuti, "Geresomo sanandikhudze ngakhale chala." Anyamatawo atamuona anazimitsa foni n'kuyamba kupopa matayala amene anali okhuta kale.

Anasiya nsomba kwa mnzake n'kuthamangira kunyumba. Anapeza Estere atakhala pakhonde lomwe lija, mabulangete a ana atamangidwa kale m'chitenje.

"Mlamu, ndimati ndikufotokozereni..."

"Mwafotokoza kale. Dziko lonse lamva, ine ndamva pomalizira." Estere sanakweze mawu. "Pamaliro a mwana wanga ndinu munandigwira kuti ndisagwe. Munandigwira ndi manja omwewo, muli chidziwire."

"Chinali chibayo, mlamu. Adokotala ananena muli pomwepo."

"Penu chibayo, penu ninji, kaya chinali chiyani, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti foni munaiuza, ine ayi. Pano pomwe munati timauzana zonse."

Pamenepo Estere sankanama. Ana akakhala kwa azakhali awo, Estere anatero, mpaka akuluakulu akumane Loweruka. Kumeneko Elube akasankhe: apite kufa kwenikweni, kapena abwerere kwa Chapananga yekha. Geresomo anali atakwera kale njinga kulowera ku Nchalo, nayenso manyazi atamugwira pa chinthu chokhacho chabwino chimene anachita.

Elube anaimbira Pilira. Mtima unkamupweteka ngati wapondedwa ndi ng'ombe yake yomwe.

"Amayi aang'ono, pepani, sindinaganize kuti zituluka. Ndafufuta kale pagulu paja."

"Wafufuta kuti? Madzi akatayika saoleka, Pilira. Unati palibe adzadziwe."

"Dzina ndinasintha. Aphunzitsi anati m'kalasi monse panalibe chitsanzo ngati chimenechi..."

Elube anatseka maso. Mwana amene anamusambitsa, amene anamumeta tsitsi ndi lumo pakhonde, ankamuuza kuti misozi yake yakhoza mayeso.

"Loweruka ubwere. Udzakhale pambali panga pamaso pa akuluakulu, udzanene ndi pakamwa pako kuti unandilonjeza chiyani. Sindikuti udzandipulumutse. Ndikuti udzangokhalapo."

"Ndiyesetsa, amayi."

Loweruka Elube analawirira pa siteji ya Bangula. Minibasi yoyamba ya ku Blantyre inatsitsa amayi a makabichi. Yachiwiri inatsitsa msilikali ndi matiresi. Yachitatu ikufika, foni inalira m'chitenje. Anali Pilira, watumiza mawu ojambula, mphindi zinayi, pansi pake kachithunzi ka manja awiri opemphera. Elube anaiyang'ana nthawi yaitali. Katswiri wa kulankhulana uja anapezanso kuti foni ilibe maso. Sanatsegule. Anaibweza m'chitenje n'kukwera kabaza.

Akuluakulu ankakumanira kwa Estere, ndipo Elube anafika kumeneko atanyamula makakana onona amene anasankhira ana ake. Yankho, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, anali pampanda. Atawaona mayi ake anathamanga, koma atatsala pang'ono kufika anaima, manja n'kuwabisa kumbuyo.

"Landira, Yankho. Ukagawane ndi mng'ono wako."

Mwanayo anayang'ana nsombazo, anameza malovu, kenako anayang'ana pansi.

"Azakhali akuti tisadye za m'manja mwanu."

Elube anaima pamenepo, dzanja lili chitambasulire. Kuseri kwa nyumba kunamveka mipando ikukokedwa, akuluakulu anali atayamba kukhala.