Mjigo wa M'munda mwa Rabson

"Azungu awa ndi anga," anatero Rabson pagolosale, akudziguguda pachifuwa. "Ndawatola ndekha pa Boma. Amene munkandiseka nonse, madzi mudzatunga mutandigwadira."

Rabson anali kondakitala wa minibasi wochotsedwa ntchito, ndipo Chizungu chake chinali cha pasiteji. Azunguwo anali ana a payunivesite ku Ulaya, obwera pa holide kudzatikumbira chitsime. Khasu ankaligwira ngati liwaluma, koma zithunzi! Mwana aliyense wa mamina anajambulidwa.

Chitsimecho chinayenera kukhala pasukulu. Koma Rabson, pokhala womasulira, anawauza kuti pasukulupo pali manda, n'kuwatengera kumunda kwake, kumalire ndi Zambia. Mundawo ankaukuza chaka ndi chaka, mzere umodziumodzi, kulowera kumadzulo.

Mayi Esitele, omwe ana awo ankangotsekula m'mimba ndi madzi a padambo, anamulondola komweko.

"Inu a Rabson, manda ake ati? Munakwiriramo ndani? Manyazi anu?"

"Mayi, lankhulani Chizungu amve."

"Galu iwe."

"Akuti chiyani?" anafunsa mtsikana wotsogolera gululo, nkhope itapsa ndi dzuwa ngati tomato.

"Akuti zikomo kwambiri."

Mtsikanayo anawakumbatira Mayi Esitele. Iwo anangouma ngati chitsa.

Anakumba, anaika mjigo, Rabson n'kugula loko. Tsiku lotsegulira amayi anafola ndi ndowa, nkhope zili ndwii. Atauzidwa kuti ayimbire alendo, anakana. Azungu anaganiza kuti ndi mwambo, anajambulanso. Rabson, mu jekete yobwereka, anayamba kulengeza malamulo a katungidwe.

Ali mkati molankhula inafika galimoto ya oyeza malire a ku Zambia. Mmodzi anatsika ndi chikwanje, anadutsa pakati pathu, n'kukayamba kutchetcha tchire kumbuyo kwathu, mbali ya kumudzi. M'tchiremo munaonekera chipilala chakale cha simenti, chija chimalekanitsa mayiko. Tonse, ndi mjigo womwe, tinali tsidya lake.

Mkulu uja anapukuta thukuta, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anayamba Chinyanja chakwawo, chija madzi amati manzi.

"Muli bwanji a Malawi? Takulandirani ku Zambia. Loko uyu ndi wa ndani? Chotsani msanga, anthu athu afuna kutapa manzi."