Dayamondi ya Towela ku Kabulonga

Towela Zulu anatha zaka zitatu akupanga kachipangizo koyezera ka sayansi ya kwantamu pafakitale ina ku Heavy Industrial Area. M'kati mwake munali kachidutswa ka dayamondi kochepa ngati njere ya mpunga. Akakawalitsira kuwala kobiriwira, kankayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kutentha kwa thiransifoma ndi mphamvu ya maginito ya mawaya ake, molondola kuposa zida zakale.

Kachipangizoko katayamba kugwira ntchito, abwana ake, Ba Meshack Tembo, anakalembetsa m'dzina lawo. Towela atadandaula, anamuchotsa ntchito.

Anabwerera kwawo ku Chelstone osagwetsa msozi. Ankadziwa chimene abwanawo sankadziwa: kutentha ndi maginito zimasokonezana m'kuwalako, ndipo masamu ozilekanitsa amafunika kukonzedwanso nyengo ikasintha. Iye anawakonza m'nyengo yozizira. Sanauze munthu. Anangodikira Okutobala.

Mweziwo utakwana, Ba Meshack anaitanira mainjiniya a kumigodi kunyumba kwawo ku Kabulonga kuti akawaonetse kachipangizoko. Towela atamva, anapita n'kulowa pageti pamodzi ndi alendowo, mlonda akumuyesa mmodzi wa iwo.

Dzuwa linali likuswa mtengo. Ba Meshack anayatsa thiransifoma yaing'ono pakapinga, n'kuyandikizapo kachipangizo kaja. Kanaonetsa kuti thiransifomayo ikuzizira ngati madzi a mufiriji. Injiniya wina anaigwira, n'kuchotsa dzanja msangamsanga, litapsa. Alendo anayamba kuyang'anizana.

Ba Meshack anadina mabatani onse, thukuta lili kamukamu. Kenako anamuona Towela, n'kumusendera pafupi.

"Towela, mwana wanga, bwela ukonze," ananong'oneza. "Tizakamba pambuyo."

"Tikambe pano, Ba Meshack. Anapanga aka ndani?"

Bamboyo anayankha motsitsa mawu. "Ndiwe."

"Aja ali kumbuyo sanamve."

Ba Meshack anabwereza mokweza, maso ali pansi, akazi awo akumvera pakhonde. Atamaliza, anamutambasulira kachipangizoko ndi manja awiri.

Towela sanakalandire.

"Sungani, kali m'dzina lanu," anatero. Anatembenukira alendowo. "Napanga kena kunyumba. Ofuna kuona kogwira ntchito abwele ku Chelstone mawa."

Mainjiniyawo anamuzungulira akulemba nambala yake ya foni, kenako magalimoto anayamba kutuluka. Towela sanafulumire. Anapempha madzi kwa wantchito wa panyumbapo, anakhala pampando wa Ba Meshack pamthunzi, n'kumwa pang'onopang'ono mpaka tambula inauma.