Timitanda ta Pensulo M'buku la Bambo

"Taimani kaye," anatero mwini situdiyo uku akuvula mahedifoni. "Achimwene, akukuthamangitsani ndani?"

Aka kanali kachisanu kumuimitsa. M'kachipinda kojambulira mawu, kamene makoma ake anamatidwa masiponji, Changu anapukuta thukuta. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, ndipo silinaphonye: ngakhale pemphero la chakudya ankalimaliza anthu asanatsinzine.

Sabata inali isanathe chiwaikireni bambowo m'manda. Ntchito yawo inali yowerenga mabuku kuti anthu azimvera pafoni, ndipo buku la nthabwala limene anali nalo m'manja analisiya kutatsala mutu umodzi wokha. Eni buku sanapsatire: mutu womalizawo ukamveka wachilendo, afufuta zonse, wina ayambirenso. Mwayi unalipo, poti liwu la Changu linali la bambo ake lenileni. Vuto linali liwiro.

"Malemu ankaima pa timitanda ta pensuloti," anatero mwini situdiyo, akuloza m'buku. "Inu mukungotilumpha."

"Ndikupumatu pamenepo."

"Ukupuma ngati wakuba," anatero mlongo wamkulu wa Changu. "Kuthamanga sikufika. Bweretsa ndiwerenge ine."

"Ndi mawu anu a wezulowo, achemwali? Angafufute ndi situdiyo yomwe."

Amayi anali phee pakona, ndodo ili pamiyendo. Maso awo anasiya kuona zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, koma makutu sankaphonya kanthu.

"Timitanda take titi?" anafunsa. "Tandiwerengera pamene pali kamodzi."

Mlongo uja anawerenga chiganizo. Amayi anaseka. Anawerenga china cha kamtanda, amayi anasekanso mpaka kugwira nthiti.

"Ana inu, amenewo si malo opumira mpweya," anatero akupukuta m'maso. "Mutu uliwonse ankayamba wandiwerengera ine pakhonde. Ndikaseka, ndinkamva pensulo ikukanda pepala. Ankati womvera naye azipatsidwa mpata woseka."

Mwini situdiyo anakanda m'mutu. Zaka zonsezi ankayesa kuti malemuyo anali ndi mpweya wochepa. Kenaka anaphwanya lamulo lake lomwe loti wowerenga azikhala yekha, nalowetsa mpando wachiwiri m'kachipinda muja.

"Zibangili zokha muvule, mayi. Maikolofoniyi imamva ndi m'mimba momwe."

"Nanga ndikaseka?"

"Sekani momasuka, ndidzadula."

Changu anayambanso, tsopano akuyang'ana nkhope ya amayi ake. Pa kamtanda kalikonse ankadikira mpaka phwete lithe. Kuseri kwa galasi mwini situdiyo anakweza chala chachikulu, mlongo uja akulira ndi kuseka nthawi imodzi, chifukwa bambo awo ankamveka ngati angolowa pakhomo.

Atatsala pang'ono kutembenuza pepala, amayi anamugwira dzanja.

"Tinalekezera pomwepa," anatero motsitsa. "Tsamba lomaliza sanandiwerengere. Anati mawa."

Changu anamwa madzi, natembenuza. Tsamba lonse linalibe timitanda, kupatula kamtanda kamodzi chakumunsi, ndipo pambali pake bambo anali atalembapo chizindikiro cha funso. Anawerenga modekha kuposa mmene anawerengerapo chibadwire, mtima uli m'mwamba. Atafika pa kamtandako anaima.

Kenaka amayi anaphulika nako kuseka, misozi ili mbwembwembwe, mpando ukugwedera.

Changu anadikira kuti amalize, nawerenga mizere itatu yotsala. Nyali yofiira yosonyeza kujambula itazima, mwini situdiyo anati bukulo latha ndipo palibe amene adzalikhudze. Changu anatola pensulo ya bambo ake patebulo, naitembenuza.

"Ukufufuta chiyani?" anafunsa amayi, makutu ali tcheru.

"Funso, amayi," anatero akuuzira pepala. "Bambo anakhoza."