Khutu la Yoram

Aphunzitsi a Tenson Mwanza ankamva ndi khutu limodzi. Lakumanzere linafa ali mwana, ndi mbama ya mphunzitsi wawo ku Fort Jameson. N'chifukwa chake atafika pa sukulu yofolera udzu kufupi ndi Mburuma mu 1955, analumbira kuti dzanja lawo silidzakhudza mwana. Makolo ankangoseka: ndi mbuzi iti inayendapo njira yowongoka popanda kamtengo?

Iwo ankaphunzitsa mofanizira. Dziko linali dzungu lozungulira nyali, mapapo anali mvukuto wa wosula makasu. Ana ankabwera mothamanga, ndipo bamboyo anayamba kudzimva, monga timachitira tonse zinthu zikamayenda.

Tsiku lophunzira za matenda anatulutsa anawo panja. "Inu a kumtunda gwiranani manja. Ndinu thupi, ndinu linga la mudzi. Inu a kumtsinje ndinu tizilombo. Thyolani linga mugwire anthu, ngati ankhondo akale aja."

Mlendo ndi mlendo basi. A Mwanza sankadziwa kuti agogo a ana ena pabwalopo anamangidwadi m'goli ndi agogo a anzawowo.

Poyamba kunali kuseka. Kenako Alberto, mwana wa msodzi, anakoleka luzi m'khosi mwa Emelina n'kumamukoka akuimba. Yoram, mlongo wake wa mtsikanayo, mnyamata woyamba kumera ndevu, anadumphira Alberto.

"Ndiye mwamene munamangila ambuya anga! Lelo uzaona!"

Bwalo linasanduka nkhondo. Masileti anaswekera pamitu, miyala inauluka, wina analumidwa chala mpaka fupa. Yoram anakhalira Alberto pachifuwa, magazi ali chuchuchu m'mphuno, n'kukweza chimwala ndi manja awiri.

"Yoram, leka! Ni masewela chabe!" anakuwa aphunzitsi.

Sanamve. A Mwanza anathamanga, ndipo dzanja lija linadziwa lokha njira. Mbama inalira ngati nsungwi pamoto. Chimwala chinagwera pambali, Yoram anagwa chagada, magazi akutsika m'khutu.

Alberto anapulumuka. Makolo anati tsopano sukulu yapeza mphunzitsi weniweni, wina mpaka anatumiza nkhuku. A Mwanza inawakanika kudya.

Yoram atabwerera m'kalasi, aphunzitsiwo anamuyandikira.

"Wauka bwanji, mwana wanga?"

Mnyamatayo anawayang'ana milomo. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuwatchera khutu lakumanja, ndendende momwe iwo ankachitira.

"Mwati bwanji, aTicha?"