Chisoso pa Msana wa Zione

Kwathu ku Nsanje mkazi sapita kutchire kukangoyenda. Amanyamula chingwe, n'kubwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Akabwerako chimanjamanja, chisoso chitamumata kumsana, palibe amene amamufunsa kumene anali. Woyenda chisoso chimamumata m'miyendo. Kumsana chimamata amene wagona pansi.

Ine ndimakhala ku Chinyonga ndi mdzukulu wanga Zione, mwana wa Clement, mwana wanga woyamba. Mayi ake atamwalira ndinamutenga ali wamng'ono, bambo akewo n'kudzakwatira Winnie wa ku Mbayani. Clement amayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu opita ku Beira, choncho kutha miyezi osamuona si zachilendo. Amangoyimba foni mwa apo ndi apo.

Zione ndamulera ndi maso awiri. Usakwere minibasi mulibe mzimayi wina. Usakhale kutsogolo ndi dalaivala. Usalandire chakumwa chotsegula kale. Pamsika wa Limbe foni izikhala m'kati mwa malaya. Ena amandiseka kuti ndimaopa ndi chithunzithunzi changa chomwe, koma taonani, mwana wakula ndi ziwalo zake zonse, akugulitsa nsalu m'sitolo ku Limbe, ndipo Yamikani, mnyamata wa kutchalitchi kwathu, anatumiza anthu. Tsiku la chinkhoswe linali litaikidwa kale.

Ndiye mvula itangosiya, mwana uja anayamba khalidwe lachilendo. Loweruka lililonse m'mawa avale buluku, nsapato zamphira, botolo la madzi m'manja.

“Ukupita kuti?”

“Kuphiri la Mpingwe, agogo. Kukawongola miyendo.”

“Yapindika liti miyendoyo? Kuphiri kuli njoka. Kuli anyamata osuta chamba. Ukupita ndi ndani?”

“Kumakhala anthu ambiri, musadandaule.”

Ankabwerako masana, opanda ngakhale kamtengo kosonkhezera moto. Pochapa ndinkapeza chisoso pamalaya ake, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ndinkachithothola ndekha kuseri kwa nyumba, mtima uli m'mwamba. Kumufunsa ndinkaopa. Ndinkaopa yankho lake.

Loweruka lina kunabwera a Gertrude, azakhali ake a Yamikani, mnzanga wa m'gulu la amayi kutchalitchi. Iwo kwawo ndi ku Chikwawa, kufupi ndi kwathu, zakwathu amazidziwa. Tili pakhonde tikukambirana za nsalu ya chinkhoswe, Zione anatulukira, n'kugwada kupereka moni. Atatembenuka kuti alowe m'nyumba, a Gertrude anayang'ana msana uja, kenako n'kuyang'ana ine.

“Wachokera kuti mtsikanayu?”

“Akuti kuphiri.”

“Nkhuni zili kuti?”

Pamenepo m'pamene ndikanati, “Mwana wanga ndimamudziwa.” Koma ndinaopa kuti mawa adzati ndinkadziwa n'kumabisa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, “Nanenso ndakhala ndikuziona, anzanga. Sindikugona nazo tulo.”

A Gertrude anapinda nsalu ija n'kuibwezera m'chikwama. “Ndikawauza achimwene ayambe adikira. Sabata yamawa tikadzionere tokha, tisamunamizire mwana wa eni.”

Loweruka lotsatira tinadikira kuti Zione atsogole, ife n'kunyamuka pambuyo. Ndinatenga ambulera yanga ya chitsulo kunsonga. Ku Limbe tinasintha minibasi, n'kukwera ya ku Bangwe. Kondakitala atamva kuti titsikira pa Mpingwe anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Agogo, mukukapemphera kuphiri eti? Mukatikumbukireko ifenso, mafuta atsike mtengo.”

“Uyambe watseka bwino chitsekocho, anthu angagwe,” ndinamuyankha. Anthu m'galimoto anaseka, ine ayi.

Njira yake imayambira kuseri kwa nyumba za anthu, kudutsa m'minda ya chimanga chouma, n'kukalowa m'mitengo ya bulugamu. Ndinkayembekeza tchire la zii, koma munali anthu ngati pa siteji. Azibambo a mimba zawo atakoleka matawulo m'khosi, atsikana akujambulana pamiyala, kwinaku gulu likuyimba nyimbo za Mulungu. Mayi wina wa imvi ngati ine anatidutsa akuponya manja, n'kuti, “Limbikirani, amayi, pamwamba pali kamphepo.” Mtima wanga unayamba kutsika pang'ono. Mwina mwana uja ankanena zoona.

Tikukhota pa mwala wina waukulu, a Gertrude anandikoka chitenje.

Patsogolo pathu panali Zione. Pambali pake panali bambo wovala chipewa ndi jekete lalikulu, dzanja lake atalikoleka m'khosi mwa mwanayo, mwanayo atamugwira m'chiuno. Ankayenda pang'onopang'ono, atamatana ngati anthu opanda manyazi. Kenako anapatuka m'njira, kulowa pa udzu pansi pa mtengo, n'kutsikira pansi onse awiri mpaka udzu kuwabisa.

“Yesu wanga,” anatero a Gertrude. “Ndi bambo wamkulutu ameneyu.”

Mphamvu zinachokera kuti sindikudziwa. Ndinangozindikira ndili pa udzu paja, ambulera ili m'mwamba.

“Galu iwe! Chidyamakanda wopanda manyazi! Amako sanakulange? Mkazi amene anakubala iwe bola akanabereka mwala, anthu akanaperapo mapira!”

Ambulera inatera paphewa, chipewa chija n'kugwa. Bambo uja anatembenuka movutikira.

“Amayi,” anatero.

Anali Clement. Koma sanali Clement amene ndinamuona pa Khirisimasi. Mlomo unali utapotokera mbali imodzi, thupi litatha, dzanja lamanzere lili pamwendo ngati la munthu wina. Zione anali atagwada, atagwira phazi la bambo ake, nsapato ataivula kuti awongole mwendo.

Oyimba aja anasiya nyimbo. Azibambo a matawulo anaima m'njira. Wina anafunsa, “Chachitika n'chiyani, wakuba?” Mnzake anati, “Ayi, akuti ndi mwana wawo.” Ndinamva atsikana ena akuseka chapansipansi.

“Si uli ku Beira iwe?” Ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa kunena.

“Ndinagwa pa ntchito, amayi. Magazi anathamanga kwambiri, mbali iyi n'kufa.” Mawu ankatuluka molemera, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. “Kuchipatala anati ndiziyenda, makamaka pokwera, mwendowu udzuke. Pakati pa sabata Winnie amandiyendetsa pafupi ndi nyumba, koma ku Mbayani mukudziwa, njinga, ngalande, anthu kukugunda. Loweruka amandikweza minibasi, mwanayu n'kundilandira ku Limbe. Ndikatopa timagona pa udzu mpaka mpweya ubwerere.”

“Osandiuza ine mayi wako?”

Clement anayang'ana pansi. Anayankha ndi Zione, osandiyang'ana, manja ali pa phazi paja.

“Mukanamva mukanati a Winnie awalodza. Mukanawatsekera m'nyumba kuti kunja kuli mphepo, kuli njoka, kuli anthu oipa. Bwenzi pano asakuyenda. Anandilumbiritsa kuti ndisanene mpaka atayamba kuyenda okha.”

Ndinafuna kukana, koma mawu oyamba amene anali atafika kale pa lilime langa anali dzina la Winnie. Ndinawameza.

A Gertrude anafika akupuma mwa befu, n'kugwada patali pang'ono. “Pepani, bambo a Zione. Pepa, mwana wanga. Tinaona chisoso kumsana, ndiye mukudziwa kwathu...”

Apa m'pamene Zione anadzutsa mutu. Anayang'ana a Gertrude, kenako ine, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse, mpaka chifukwa chimene Yamikani sanamuyimbire foni sabata yonse.

“Azakhali ndi alendo, angaganize zimene angaganize,” anatero motsitsa. “Koma inu, agogo? Inu amene munkandisambitsa? Munalephera kundifunsa, koma minibasi ziwiri mwakwanitsa kukwera?”

Ndinakhala pansi pa udzu womwewo, n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Ndikanakonda phirilo likanang'ambika n'kundimeza.

Potsika, Clement anayenda pakati, Zione mbali iyi, bambo wina wa tawulo mbali inayo. Ine ndinali pambuyo ndi ambulera yanga, osadziwa poibisa. Titafika pa msewu ndinayamba kuthothola chisoso chimene chinandimata pa chitenje ndi kumsana kwa bulauzi.

“Musachotse,” anatero Zione. “Bambo ake a Yamikani anamva kuti agogo anga enieni akundikayikira. Mawu a azakhali okha sakwanira. Mupite nacho chomwecho, akaone kuti chimamata ndi nkhalamba zomwe. Mukapanda kupita, chinkhoswecho ndichikana ndine.”

Ndinapita tsiku lomwelo, a Gertrude akunditsogolera. Kunyumbako tinapeza bambo ake a Yamikani ali pakhonde ndi akazi awo, Yamikani ali chiimire pakhomo. Anandipatsa mpando, ndinaukana. Ine amene ndinayenera kulandira anthu amenewa kwanga, iwo atagwada, ndinagwada pa simenti yawo n'kufotokoza zonse, ndi za ambulera zomwe. Kenako ndinatembenuka kuwaonetsa msana.

Mayi ake a Yamikani anagwira pakamwa. Bambo aja anati, “Dzukani, amayi, mukutichititsa manyazi. Mtsikana wonyamula bambo ake kukwera nawo phiri, ife tikamusiya tikapeza wotani? Tsiku ndi lomwe lija.” Yamikani anangolowa m'nyumba foni ili kale kukhutu.

Nsalu ija a Gertrude anaibweretsanso. Koma m'nyumba mwathu mawu ndi ochepa. Zione amandipatsa moni, amandiikira madzi osamba, basi. Akamatuluka m'mawa, machenjezo anga amafika pakhosi n'kubwerera.

Dzulo Loweruka ndinamumva akumanga zingwe za nsapato. Anaima pakhomo osatembenuka.

“Abambo akufunika munthu wowagwira mbali ya kumanzere. Ngati mukubwera, ambulera isiyeni.”

Ndinaisiya kuseri kwa chitseko. M'njira muja ndinaona pamene udzu unawirira, malo enieni okonda njoka, ndipo ndinatsegula pakamwa. Clement anandiyang'ana ndi diso la m'mbali. Ndinatseka, n'kulimbitsa dzanja langa m'khwapa mwake.