Nthiti za Abale pa Khadi Langa

Foni inalira katatu ndili pachiwongolero. Sindinayankhe, chifukwa woyendetsa basi mu Toledo muno akangogwira foni atanyamula anthu, ntchito yatha. Nditafika kumapeto kwa msewu ndinazimitsa injini n'kuyang'ana. Anali a Pruitt, bambo wa kubanki amene ankayendetsa za ngongole yanga yogulira nyumba. Munthu ameneyu sankaimba foni, ankangolemba mauthenga. Ndinawaimbira pomwepo.

"Mayi Tubbs, mwagula chiyani?"

"Moni kaye, a Pruitt."

"Moni. Mwagula chiyani pa khadi lanu la ngongole? Malikisi anu anali 684. Lero ndawaonanso, ali 622."

Malikisi amenewa ndi omwe banki imayang'ana isanakukhulupirire. Ngongole yanga inkafuna 640, osachepera ngakhale imodzi.

"Munawaona kale mu Febuluwale," ndinatero.

"Akale aja anatha ntchito. Wogulitsa nyumba watichedwetsa miyezi inayi, ndiye lamulo ndi lakuti tionenso."

"Koma ine sindinachedwepo kulipira. Zaka zisanu ndi zinayi, mwezi ndi mwezi, ndimalipira zonse, osasiya ngakhale senti."

"Sindikunena kuti mwachedwa. Khadi lanu limatseka mwezi pa 11. Zimene zili pa khadi tsiku limenelo ndi zomwe amatumiza kwa osunga malikisi. Kaya mulipira mawa lake, iwo sadziwa mpaka mwezi wotsatira. Pa 11 panali madola 5,400, pa khadi lothera pa 6,000. Kwa iwo ndinu munthu amene madzi afika m'khosi."

Limenelo linali Lolemba pa 17 Juni. Tsiku losaina linali pa 28. Nyumba ya lendi imene tinkakhala inali itaperekedwa kale kwa anthu ena kuyambira pa 1 Julayi, ndipo ndinasaina ndekha kuti ndituluka. Amayi anga, a zaka 78, anafa ziwalo mbali yamanja chaka chatha, ndipo kuyambira Pasaka anali asanatsike kuchoka pansanja yachitatu. Kanyumba kamene ndinkagulako kanalibe sitepe ngakhale imodzi. Ngongole ikakanika, ine ndikanagona pasofa kwa mnzanga. Koma Amayi palibe sofa imene ikanawalandira. Akanapita kunyumba yosungirako okalamba.

Chimene ndinagula ndi ichi. Chaka chilichonse mu Julayi a banja la kwa amayi anga timakumana kupaki, kuchokera ku Detroit, ku Gary ndi konse kumene tinabalalikira. Chaka chimenecho inali nthawi yanga yokonza. Pa 8 Juni ndinalipira malo a kupaki madola 800, pa 9 matisheti olembedwa dzina la banja 1,400, pa 10 ndinapatsa a Otha, bambo wowotcha nthiti za nkhumba, madola 3,200. Akuluakulu 60, aliyense madola 90. Mwambo wake ndi wakuti wokonza amayamba walipira, abale amabweza pa tsikulo, poponya maenivelopu m'chitini cha mabisiketi pakhomo lolowera. Ndinaika zonse pa khadi dala, chifukwa khadi langa limabweza madola awiri pa 100 aliwonse. Ndinkafuna madola 108 aulere ogulira makatani.

"Pali njira?" ndinafunsa nditawafotokozera a Pruitt zonsezi.

"Ilipo imodzi. Mutsitse ngongoleyo isafike 600. A khadi akupatseni kalata yotsimikiza, ine nditumize kuti awerengenso malikisi. Zimatenga masiku asanu a ntchito, ndiye kalatayo ndikuifuna Lachinayi lino."

"Nditapa pa zimene ndasunga kubanki."

"Musayerekeze. Zimenezo tinaziwerengera kale, ndi zolipira pa tsiku losaina. Mukatapapo dola imodzi, pagwa pena. Musabwerekenso kwina kulikonse."

"Ndiye ndizitola pansi?"

"Amene adzadye nthitizo ali kuti?"

Nditafika kunyumba ndinapeza Amayi akukulunga mbale m'manyuzipepala ndi dzanja lawo labwino lija, mbale imodzi mphindi zisanu. Makatoni anali atadzaza pabalaza.

"Verlene, nkhope imeneyo wakumana ndi chiyani?"

"Kutentha, Amayi."

"Kutentha kwa m'basi yokhala ndi mphepo yozizira? Nama bwino."

Sindinawauze. Ndinadzitsekera kubafa n'kuyamba kuimbira abale mmodzimmodzi. Pofika Lachiwiri madzulo anthu 15 anali atatumiza, madola 1,350. Ena onse yankho lawo linali limodzi: "A Cleophus akuti chiyani?"

A Cleophus ndi alongo awo a Amayi, mkulu wa banja lonse, ndipo chitini cha mabisiketi chimakhala kwawo. Lachitatu m'mawa ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato zawo zakutchalitchi.

"Ndamva kuti wasanduka wokhometsa msonkho," anatero osadzutsa mutu.

"Amalume, ndikungopempha kuti anthu alipire msanga. Ndalama yake ndi yomweyo."

"Zaka makumi anayi takhala tikuponya m'chitini. Agogo ako anakana dala zolemba maina. Wosowa amaponya envelopu yopepuka, wopeza amaponya yolemera, palibe amadziwa za mnzake. Iwe wayamba kuimbira anthu m'nyumba zawo. Ukufuna aliyense adziwe amene alibe?"

Apa sananame. Ndinawafotokozera za pa 11 ndi za 640.

"Ndiye kuti nambala ya m'makina yaposa mawu a munthu? Uwauze a banki aja andiimbire. Ine nyumba iyi ndinagula pogwirana chanza."

"Munagula mu 1979, Amalume."

"Ndipo ikadali chiimire. Dikira Julayi, mwana wa mlongo wanga. Ndalama yako sithawa."

"Julayi mlongo wanuyo adzakhala ali kwa okalamba."

"Usanditemberere mlongo wanga pakhonde panga."

Ndinawayang'ana manja. Ankapukutabe nsapato yomweyo yowala kale. Ndinadziwa kuti nawonso madola a anthu khumi ndi mmodzi a m'nyumba mwawo analibe, ndipo sakanavomera ngakhale atawaika mpeni pakhosi.

Kuchoka pamenepo ndinalunjika kwa a Otha. Ndinawapeza kuseri kwa malo awo, utsi uli tolo, akutembenuza nthiti ndi chifoloko chachitali.

"Mayi Tubbs! Mwabwera kudzalawa?"

"Ndabwera kudzathetsa. Nkhumba zanga mwagula kale?"

"Ayi, ndigula sabata yake yomweyo. Kwagwa maliro?"

"Sanagwe. Ndibwezereni ndalama."

"Pepala lija munasaina likuti chikole cha 300 sichibwerera."

"Idyani 300 yo. Koma 2,900 ndikuifuna lero, pamanja. Mukaibweza kudzera pa khadi itenga sabata, ine sabata ndilibe."

"A Cleophus akudziwa zimenezi? Anthu anu aja ndimawadziwa, akafika kupaki n'kupeza mikate yokhayokha adzawotcha inuyo."

"Adzandiwotchere pabwalo langa."

Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anasiya. Analowa mkati n'kubwera ndi ndalama zonunkha utsi. Ndinawonjezera madola 600 a malipiro anga, omwe anali a chakudya ndi mankhwala a Amayi a theka la mwezi. Pa khadi panatsala 550. Kalata inafika kwa a Pruitt Lachinayi kutatsala mphindi makumi awiri kuti atseke.

Kenako kudikira. Ndinkaganiza kuti kuthamanga kuja ndiye kunali kowawa, koma pothamanga munthu umakhala ndi chochita. Msewu wa basi yanga umadutsa pa nyumba ina ya okalamba kasanu ndi katatu pa tsiku. Zaka zonsezi sindinkaiyang'ana. Sabata imeneyo ndinawerenga mawindo ake, ndinaona gogo wina wa juzi yofiira amene amamuika pawindo lomwelo m'mawa ndipo masana amakhala ali pomwepo. Lolemba ndinadutsa siteji anthu atatu akundikodola kuti ndiime. Khadi ndinalikulunga m'sokosi n'kuliponya pansi pa katoni, kuopa kuti dzanja lingalitulutse lokha pogula mafuta.

Anthu 15 aja anali atalipirira nyama imene kunalibe. Nkhani inawafika kudzera kwa mkazi wa a Otha, ndipo foni yanga inadzaza. Sindinawerenge. Nambala imodzi yokha ndi imene ndinkadikira.

Lachitatu ndinapeza Amayi atasiya kukulunga mbale. Anakhala pakati pa makatoni, foni ili pamiyendo.

"Cleophus wandiuza zonse. Akuti Loweruka magalimoto a ana ake sabwera kudzatisamutsa."

"Chabwino."

"Tikusamukadi, Verlene?"

"Sindikudziwa, Amayi."

"Ukandisiya kwa okalamba kuja, usadzabwere ndi maluwa. Ndidzakugenda nawo."

Mawu anali aukali, koma dzanja lawo labwino linagwira katoni ngati wina akufuna kuwalanda.

A Pruitt anaimba Lachinayi nthawi ya 3 koloko masana, ndili pa maloboti. Foni inanjenjemera m'thumba ndipo ndinayenda nayo masiteji khumi ndi anayi ndisanaigwire. Nditafika kumapeto kwa msewu ndinawaimbira.

"659," anatero.

"Bwerezani."

"659. Ngongole yadutsa. Koma si 684 ija, ndiye chiwongola dzanja chakwera pang'ono. Muzilipira madola 38 owonjezera pamwezi."

"Mpaka liti?"

"Zaka 30, Mayi Tubbs. Mukhoza kudikira kuti malikisi akwerenso mwezi wamawa, koma nyumbayo sidikira."

"Konzani mapepala."

Lachisanu ndinasaina malo oposa makumi anayi. Dzina langa linkasintha maonekedwe tsamba ndi tsamba, mpaka mayi wodinda mapepala anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Anandipatsa makiyi awiri pa kawaya. Ndinadikira kuti mtima ukhale pansi, koma sunakhale.

Kuchoka apo ndinapita kobwereka lole, popeza a Cleophus anasunga mawu awo. Mayi wa pakauntala anati ndalama zapamanja salandira, pafunika khadi. Ndinali nditalivundukula m'sokosi m'mawa womwewo. Ndinaliika pakauntala koma chala sichinachokepo.

"Amayi, mulisiye kuti ndilidutsitse."

"Ndi zingati?"

"Madola 74."

Analidutsitsa. Ndisanatenge makiyi a lole ndinatulutsa foni n'kulipira madola 74 aja pomwepo, anthu anayi akudikira kumbuyo kwanga. Bambo wina anadandaula kuti ena tili ndi kopita. Ndinamuuza kuti adikire, ndipo ndinaima pomwepo mpaka foni inaonetsa kuti ndalama yalowa.